Tenofovir sakuvulaza maselo a impso m'mbale yanga: kodi ndisamukire ku ma organoid?

Nachisale analemba:

Ndikupereka moni kwa akuluakulu nonse a pabwalo lino. Ndine wophunzira za mankhwala, ndipo panopa ndikuchita digiri yachiwiri pa yunivesite ina ku South Africa. Ndisanabwere kuno ndinagwira ntchito zaka 4 pa famase ya chipatala china cha boma kumudzi, kumene dzanja langa linazolowera kupereka mabotolo a ma ARV otchedwa 13A kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Choncho mutu wa kafukufuku wanga sindinautole patali: ndikufuna kuona mmene tenofovir, yemwe ali m'mapiritsi amenewa, amavulazira maselo a impso.

Vuto langa ndi ili. Ndimaweta maselo a impso ya munthu otchedwa HK-2 m'mbale za pulasitiki zokhala ndi timaenje 96, ndimadikira kuti aphimbe pansi ponse, kenako ndimathira tenofovir pa milingo yosiyanasiyana n'kubwezera mbaleyo mu incubator kwa maola 48. Ndikathira MTT, utoto umene maselo amoyo amausandutsa pepo, timaenje tonse timasanduka pepo mofanana, kusonyeza kuti maselo ali moyo ndithu, ngakhale m'timaenje timene ndathira mankhwala ochuluka kwambiri kuposa amene angapezeke m'magazi a munthu. Koma mzere umene ndimathira cisplatin, mankhwala a khansa odziwika kuti amavulaza impso, umatuwa, kusonyeza kuti maselo afa, monga mmene mabuku amanenera. Ndabwereza katatu, ndipo oyang'anira kafukufuku wanga akungoti ndibwerezenso, mwina poganiza kuti ndikulakwitsa posungunula mankhwala.

Mnzanga wina akuti cholakwika ndi kuweta maselo atayala chafufumimba papulasitiki, pamene m'thupi amakhala ozungulira ngati kachubu, ndipo akuti ndisamukire ku timpira ta maselo totchedwa organoid. Kodi n'zoona kuti zimenezi zingathetse vuto langa? Funso lina ndi la kunyumba. Amalume anga amapita kukasefedwa magazi pa makina kawiri pa mlungu, ndipo anaona pa Facebook kuti asayansi akupanga impso mu labotale. Akundifunsa kuti zifika liti, poti mdzukulu wawo ndiye wophunzira. Ndiwayankhe chiyani?

Gama analemba:

Achemwali, musadzikayikire, manja anu ayenera kuti ali bwino. Ndakhala ndikuweta maselo a impso kwa zaka zingapo kuno ku Ulaya, ndipo zimene mwafotokozazi n'zimene ndingayembekezere kuona mu HK-2.

Tiyambire pamene tenofovir amavulaza. Impso iliyonse ili ndi manefuroni, tizigawo timene timapanga mkodzo, pafupifupi 1 miliyoni, ndipo nefuroni iliyonse imayamba ndi kasefa kotchedwa glomerulus, n'kutsatira kachubu kamene chigawo chake choyamba chimatchedwa proximal tubule. Selo la m'chigawo chimenechi lili ndi nkhope ziwiri zosafanana: ina imayang'ana mkodzo, ina imayang'ana magazi. Tenofovir salowa m'selo mwachisawawa, chifukwa sadutsa bwino pakhungu la selo. Amalowera pa zipata ziwiri za kumbali ya magazi, OAT1 ndi OAT3, n'kutulukira kumbali ya mkodzo makamaka pa chipata cha MRP4. Wolowa akachuluka kuposa wotuluka, amadzadzana m'selo n'kuyamba kuononga ma mitochondria, amene ndi malo opangira mphamvu. Tsono maselo a HK-2, amene anafalitsidwa mu 1994, anataya zipata za OAT1 ndi OAT3 pafupifupi zonse. Mwakhala mukugogoda pa nyumba yopanda khomo. Cisplatin asakupusitseni: n'zoona kuti m'thupi amalowera kwambiri pa chipata cha OCT2, koma ali ndi njira zinanso, ndipo amaononga DNA ya selo lililonse limene likugawikana, choncho kufa kwa mzere umenewo sikutsimikizira kuti maselo anu akuchita zinthu ngati impso.

Pali zinthu zina ziwiri zimene ndikufuna mukaone mawa. Choyamba, werengani botolo la madzi amene mumawetera maselo. Ngati ali ndi shuga wambiri, maselo amakhala moyo podya shugayo osadalira kwambiri ma mitochondria, ndipo chiphe cholimbana ndi ma mitochondria sichioneka. Ambiri amachotsa shuga wa glucose n'kuika shuga wina wotchedwa galactose kuti akakamize maselo kupuma monga mmene amachitira m'thupi. Chachiwiri, maola 48 ndi ochepa pa kuvulala kumene mwa munthu kumatenga miyezi kapena zaka.

Tsopano za ma organoid. Njira yake inatseguka Shinya Yamanaka wa ku Kyoto atasonyeza mu 2006 pa mbewa, ndi mu 2007 pa anthu, kuti selo la pakhungu lingabwezedwe kuubwana n'kukhala lotha kusanduka selo la mtundu uliwonse. Maselo amenewa timawatchula kuti iPS. Mu 2014 Atsuhiro Taguchi ndi Ryuichi Nishinakamura a ku Kumamoto anasonyeza mmene angawatsogolerere kuti apange manefuroni, ndipo mu 2015 kunatuluka njira zimene ambirife timatsatira: ya Minoru Takasato ndi Melissa Little a ku Melbourne, ya Ryuji Morizane ndi Joseph Bonventre a ku Boston, komanso ya Benjamin Freedman. Pa njira ya ku Melbourne umayamba ndi mankhwala otchedwa CHIR99021 kwa masiku ochepa, kenako FGF9, ndipo pakatha pafupifupi mlungu umodzi umasonkhanitsa maselo kukhala kambulu n'kukaika pa kasefa kamene pansi pake pali madzi odyetsera. Pofika tsiku la 25 uli ndi kanthu koyera kosaposa mamilimita ochepa, kooneka ngati dontho la phala louma. Koma ukakaika pa maikulosikopu umaona timachubu tambirimbiri topindikapindika, tina tili ndi mitu yozungulira kumene kukupangika kasefa, ndipo ndivomere kuti tsiku loyamba kuona zimenezi ndinaitana aliyense amene anali mu labotale. Magulu a ku Melbourne ndi ku Boston anathira cisplatin pa timachubu timeneti n'kuona kuti chigawo cha proximal tubule ndicho chikuvulala, ndipo a ku Boston anachitanso chimodzimodzi ndi gentamicin, akuyeza puloteni ya KIM-1 imene imakwera chigawo chimenechi chikavulala.

Komabe sindikukulangizani kuti musamukire kumeneko pa digiri ya zaka ziwiri. Organoid imafanana ndi impso ya mwana wosabadwa wa miyezi yoyambirira, osati ya munthu wa zaka 45 amene akumwa ma ARV, ndipo zipata zimene mukuzifunazo zimakhala zochepa komanso zimasiyana pakati pa gulu lina ndi linzake. Mu 2018 gulu la Benjamin Humphreys ku St. Louis linawerenga maselo a m'ma organoid limodzi ndi limodzi, ndipo linapeza kuti 10 mpaka 20 pa 100 aliwonse sanali a impso n'komwe, ena anali a mitsempha ya ubongo ndi a minofu. Ndiponso popeza mulibe magazi oyenda, okosijeni amangolowa mtunda wa pafupifupi mamaikulomita 200, moti kampirako kakakula, pakati pake pamafa pokha, ndiye umavutika kusiyanitsa imfa ya njala ndi imfa ya mankhwala. Onjezani kuti maselo a iPS amafuna kusinthiridwa madzi pafupifupi tsiku lililonse, Lamlungu ndi Khirisimasi yomwe, ndipo madzi ake ndi okwera mtengo.

Chimene chingayankhe funso lanu mwachangu ndi maselo oyala pansi omwewo koma okhala ndi chipata. Ofufuza a ku Nijmegen m'dziko la Netherlands ali ndi maselo otchedwa ciPTEC, amene anachokera mumkodzo wa munthu, ndipo mu 2016 anasonyeza kuti akawaikira OAT1, tenofovir amawavulaza, pamene anzawo opanda chipatacho savulala. Mukawaweta pa kasefa ka Transwell, kamene kali ndi madzi pamwamba ndi pansi, mudzatha kuthira mankhwala kumbali ya magazi monga zimakhalira m'thupi. Mnzanuyo sananame kuti kaumbidwe n'kofunika, koma mwa inu chimene chasowa ndi khomo, osati kuzungulira.

Chisale wa ku wodi analemba:

Ine sindine wa labotale, ndine wa ku wodi kuno kumudzi, ndipo ndathokoza a Gama chifukwa andikumbutsa zinthu zimene ndinazisiya pa mayeso. Ndikufuna kuonjezera mbali ya wodwala, kuti a Nachisale asankhe bwino chimene adzayeze.

Tenofovir akayamba kuvulaza munthu, chimene timaona poyamba si kufa kwa maselo ayi, koma kudontha. Proximal tubule ndiyo imabweza m'magazi shuga, phosphate, ndi timapuloteni ting'onoting'ono zimene zadutsa pa kasefa. Ikatopa, umaviika kapepala mumkodzo n'kupeza shuga pamene shuga wa m'magazi ali bwinobwino, ndipo zikapitirira umafika pa matenda a Fanconi, mafupa n'kuyamba kufewa. Creatinine wa m'magazi, amene timamudalira kwambiri poyeza ntchito ya impso, amakwera mochedwa, nthawi zina ntchito ya impso itatsika kale ndi theka. Ndiye ngati mbale yanu ikungofunsa kuti selo lafa kapena ayi, ikufunsa funso la kumapeto. Muyeze ngati maselo akuthabe kumeza puloteni ya albumin, muyeze mphamvu ya ma mitochondria, muyeze KIM-1.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi chisangalalo cha anthu a ma organoid ndi apa. Wodwala amene ndimamulandira sabwera ndi mankhwala amodzi. Amabwera akumwa 13A, watsegula m'mimba masiku atatu, wagula brufen kapena diclofenac pa golosale, wabayidwa gentamicin pa chipatala chaching'ono, ndipo mukafunsa modekha agogo amavomera kuti anamupatsa mankhwala azitsamba. Brufen ndi anzake amavulaza kwambiri pochepetsa magazi opita ku kasefa, makamaka mwa munthu wouma m'thupi, ndipo kampira kopanda mtima wopopa sikangasonyeze zimenezo ngakhale kataumbika bwino chotani. Amphotericin B, amene timapereka pa meninjaitisi ya cryptococcus, amafinya mitsempha ya magazi ya mu impso komanso amabowola maselo a kumapeto kwa kachubu, moti potaziyamu amatayika. Yankho limene linatithandiza pa mankhwala amenewa silinachoke m'mbale, linachoka pa kafukufuku wa AMBITION, amene anachitikanso ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo zotsatira zake mu 2022 zinasonyeza kuti mlingo umodzi waukulu wa mtundu wa liposomal, wokutidwa m'timipira ta mafuta, pamodzi ndi mapiritsi, umagwira ntchito mofanana ndi njira yakale koma mosavulaza kwambiri. Palinso mankhwala amene ululu wake umakula akadutsa m'chiwindi. Chitsanzo ndi aristolochic acid, chiphe cha m'zitsamba chimene chinaononga impso za amayi ambiri ku Belgium kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pa mankhwala ochepetsa thupi. Ofufuza a ku Seattle analumikiza maselo a chiwindi ndi a impso pa timakina tiwiri, ndipo anaona kuti chiphecho chikayamba chadutsa m'chiwindi chimapha maselo a impso ochuluka.

Koma pali malo amodzi pamene ndikuvomera kuti ma organoid ali ndi ntchito imene mbewa sizingagwire. Jini ya APOL1 imapezeka mwa anthu ndi mwa anyani ena okha, mbewa ndi makoswe alibe. Mu 2010 gulu la Martin Pollak ku Boston linasonyeza kuti mitundu iwiri ya jini imeneyi, G1 ndi G2, imene imapezeka mwa anthu ochokera ku Africa kuno, imakweza kwambiri chiopsezo cha matenda a impso mwa munthu amene watengera kwa makolo onse awiri, kuphatikizapo matenda a impso obwera ndi HIV. Chodabwitsa n'chakuti mitundu yomweyo imapha tizilombo ta kaodzera ta rhodesiense, timene kashembe amafalitsa ku Nkhotakota ndi ku Rumphi. Choncho funso limene ndimafunsa ndikamva za impso za m'mbale ndi lakuti, maselo ake anachokera kwa ndani? Ngati onse achokera kwa azungu, mankhwala adzapambana mayeso pa impso zimene si za odwala anga.

Nachisale analemba:

Zikomo kwambiri achimwene a Gama ndi inu adokotala. Ndapita kukaona botolo lija, ndipo palembedwa kuti glucose ndi magalamu 4.5 pa lita, kutanthauza pafupifupi kasanu kuposa shuga wa m'magazi a munthu wabwinobwino. Ndachita manyazi kuti miyezi yonseyi sindinawerenge. Ndapempha kuti tiyeze OAT1 ndi qPCR, njira yoonera ngati jini yake ikugwira ntchito m'maselo, tisanagule china chilichonse, ndipo oyang'anira avomera, ngakhale sanasangalale kumva kuti maselo amene labotale yakhala ikugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri ndi osayenera funso limeneli. Funso la amalume lija likadalipo.

Mayi Nyirenda analemba:

Mwanawe, ndiyankhe la amalumewo, popeza ntchito yanga ndi yopanga timakina toyendetsa madzi pa maselo, ndipo funso limeneli ndimalilandira kwa abale nthawi iliyonse ndikapita kwathu.

Impso ziwiri za munthu zimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a magazi onse amene mtima ukupopa, zimasefa malita pafupifupi 180 pa tsiku, n'kubweza pafupifupi onse kuti mkodzo utsale lita imodzi kapena awiri. Organoid ya pa labotale ili ndi manefuroni mazana ochepa ikachuluka, ilibe mtsempha wolowetsa magazi, ndiponso ilibe njira yotulutsira mkodzo. Chachitatuchi ndicho anthu a nyuzipepala sachitchula. M'mimba mwa mayi impso imapangidwa ndi magulu awiri a maselo: lina limapanga manefuroni, lina, lotchedwa ureteric bud, limaphuka nthambi ngati mtengo n'kukhala mipaipi yosonkhanitsa mkodzo yonse imene imathera pa mpaipi umodzi wopita kuchikhodzodzo. Njira za mu 2015 zimapanga makamaka gulu loyamba, choncho kachubu kalikonse kamathera pakhoma, ngati mudzi umene nyumba iliyonse ili ndi mpopi koma ngalande palibe. A ku Kumamoto aja anakwanitsa mu 2017 kuphatikiza magulu awiriwa ndi maselo a mbewa mpaka nthambi zinaphuka, koma kuchita zomwezo ndi maselo a munthu pa ukulu wa impso yeniyeni ndi ntchito ina.

Za magazi zayendako pang'ono. Mu 2018 ofufuza a ku Leiden anaika ma organoid a munthu pansi pa kachikopa kokuta impso ya mbewa, ndipo mitsempha ya mbewayo inalowa mpaka m'timasefa, maselo n'kukhwimirapo. Mu 2019 gulu la Jennifer Lewis ndi Morizane ku Harvard linasonyeza kuti kungoyendetsa madzi pamwamba pa organoid kumachulukitsa timitsempha ta magazi m'kati mwake. Njira ina ndi imene Harald Ott anayesa ku Boston mu 2013: anatsuka impso ya khoswe ndi mankhwala onga sopo mpaka maselo onse anachoka n'kutsala chigoba choyera chokhala ndi njira zake zonse, anabzalamo maselo atsopano, n'kuibwezera m'khoswe. Inatulutsa timkodzo pang'ono, kutali kwambiri ndi impso yachibadwa. Papita zaka zoposa 10, ndipo palibe munthu amene akuyenda ndi impso yopangidwa motero.

Chimene chafika pa munthu ndi impso ya nkhumba yosinthidwa majini. Mu March 2024 madokotala a pa Massachusetts General Hospital anaika impso yotere, yosinthidwa malo 69, mwa munthu wamoyo kwa nthawi yoyamba, ndipo iye anamwalira patatha pafupifupi miyezi iwiri. Ena atsatira, koma zonsezi zikadali pa kafukufuku. Choncho amalume muwauze mosabisa kuti asadumphe tsiku la makina poyembekezera impso ya mu labotale, ndipo ngati pali zokambirana za kuikidwa impso ina, njira yotsimikizika ikadali ija Joseph Murray anatsegula ku Boston mu 1954 pa mapasa, ya kulandira kwa munthu mnzawo.

Pa kuyesa mankhwala ndiye zinthu zikuthamanga, ndipo apa ndikuyankhanso a Chisale. Kamakina koyamba kotchuka ka proximal tubule kanachokera ku Wyss Institute mu 2013: maselo a munthu ali pa kasefa, madzi akuyenda pamwamba pake, ndipo kuyenda kwa madziko kokha kunachititsa maselo kutalika, kumera titsitsi tawo, ndi kumeza albumin wochuluka. Timakina tofanana ta ku University of Washington tinatumizidwa ku International Space Station mu 2019. Mu December 2022 dziko la America linakhazikitsa lamulo la FDA Modernization Act 2.0, limene linachotsa chikakamizo chakuti mankhwala atsopano ayesedwe pa nyama basi asanafike pa anthu. Funso lanu lakuti maselo achokera kwa ndani lili ndi yankho limene ndimalikonda. Mu 2019 gulu la Hans Clevers ndi Marianne Verhaar ku Utrecht linaweta timachubu totchedwa tubuloid kuchokera ku maselo a impso ya munthu wamkulu, ngakhale ochokera mumkodzo. Timeneti tilibe kasefa, koma maselo ake ndi a munthu wamkulu, ndipo timamera m'kadontho ka Matrigel, phala la mapuloteni lowetera maselo, popanda kudutsira ku iPS. Mkodzo suvuta kupempha, ndipo odwala amene akhala pa tenofovir zaka zambiri tili nawo ochuluka kuposa Utrecht. Chovuta n'chakuti Matrigel amachokera ku chotupa cha mbewa, amasiyana botolo ndi botolo, ndipo amauma akangofunda, choncho ayenera kuyenda ulendo wonse ali pa ayezi.

Gama analemba:

Achemwali, chinthu chimodzi ndisanaiwale. Mukapeza maselo a OAT1 aja, muike mzere wina umene mudzathire tenofovir pamodzi ndi probenecid, amene amatseka chipatacho, ndipo n'chifukwa chake madokotala amamupereka pamodzi ndi cidofovir, mankhwala ena a mavairasi amene amalowera pa chipata chomwecho n'kuvulaza impso. Maselo akavulala popanda probenecid koma n'kupulumuka iye alipo, oyang'anira anu sadzanenanso za kusungunula. Muonetsetsenso kuti mwagula tenofovir weniweni, osati tenofovir disoproxil wa m'mapiritsi, chifukwa ameneyo amadutsa pakhungu la selo popanda chipata, pamene m'thupi amakhala atasweka kale asanafike ku impso. Zotsatira za qPCR zikatuluka mudzatiikire pano, pamodzi ndi nambala ya passage, yosonyeza kuti maselo anuwo asamutsidwa kangati kupita m'mbale yatsopano.